Ndakatulo ya maso ndi ndakatulo ya khutu: mafunso ndi mayankho

Alakatuli ambiri achinyamata masiku ano sakukhutira ndi mizere yongondandalika. Wina akupinda mawu kuti aoneke ngati mtanda, wina akusiya dala theka la tsamba lopanda kanthu, wina akuika ndime zake pamwamba pa chithunzi cha nyanja n'kuponya pa Facebook. Akuluakulu ena akaona zimenezi amangopukusa mutu, ati ndakatulo yalowa chibwana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri nkhaniyi ikayambika, kaya m'kalasi kaya m'magulu a alembi.

Kodi ndakatulo yooneka ndi chiyani kwenikweni?

Ndi ndakatulo imene maonekedwe ake patsamba amanyamula mbali ina ya tanthauzo. Malo amene liwu laikidwa, kukula kapena kuchepa kwa lemba, mpata wosiyidwa dala, mzere wopendama kapena wozungulira, zonsezi zimanena kanthu kamene mawuwo paokha sananene. M'mabuku a Chingerezi mudzapeza mayina angapo, monga pattern poetry, concrete poetry ndi visual poetry, ndipo akatswiri amakangana za malire ake. Ife pano tingoti ndakatulo yooneka, kapena ya maso.

Pali njira yapafupi yoizindikirira. Tengani ndakatuloyo, muilembenso m'mizere wamba yoyambira kumanzere, kenaka muiwerenge. Ngati palibe chimene chatayika, ndiye kuti maonekedwe aja anali zokongoletsa chabe. Ngati yafa kapena yasanduka ina, munali ndi ndakatulo yooneka yeniyeni.

Nanga ikusiyana pati ndi ndakatulo zachikhalidwe?

Kusiyana kwakukulu kuli pa funso ili: wagwira nthawi ndani?

Ndakatulo zachikhalidwe, kulikonse padziko, zinamangidwa poganizira khutu ndi mpweya wa munthu. Soneti, imene inayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1200, ili ndi mizere 14 ndipo mathero a mizereyo amamveka mofanana motsata dongosolo. Haiku ya ku Japan imawerengera maphatikizo: 5, 7, 5. Shairi la Chiswahili kawirikawiri limakhala ndi mizere inayi pandime, mzere uliwonse maphatikizo 16 ogawidwa pakati, 8 uku 8 uku. Kwathu kuno dongosolo silinali la kuwerenga maphatikizo ndi zala ayi, linali la thupi. Nyimbo ya pamtondo imatsata kugwa kwa musi. Nyimbo ya maliro ili ndi woyambitsa ndi ovomera. Wotamanda mfumu ya Angoni amadula mzere pamene mpweya wamuthera. M'zonsezi mlakatuli ndiye mwini nthawi: iye ndiye asankha pamene mumve liwu loyamba, pamene mudikire, ndi pamene akulaseni ndi liwu lomaliza. Simungathamangire kumapeto iye asanafikeko.

Ndakatulo yooneka imapereka nthawiyo m'manja mwa wowerenga. Diso limaona tsamba lonse kamodzi, mapeto ndi chiyambi pamodzi, ndipo limalowera pamene lafuna. Mlakatuli wataya mphamvu yodikiritsa anthu, koma wapeza ina: atha kunena zinthu ziwiri nthawi imodzi, atha kuonetsa kusowa kwa chinthu osachitchula, atha kuika mawu awiri motalikirana kuti mtunda wa pakati pawo ulankhule.

Komabe tisakokomeze malirewa. Tsiku limene ndakatulo inalembedwa koyamba m'mizere yosafika kumapeto kwa tsamba, inayamba kale kulankhula ndi diso. Mwana wa Sitandade 5 amazindikira ndakatulo m'buku asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa cha mpata woyera umene uli kumanja.

Izi si zobwera ndi mafoni ndi Instagram?

Ayi ndithu. N'zakale kuposa makina osindikizira mabuku. Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, Mgiriki wina wa pachilumba cha Rhodes, dzina lake Simmias, analemba ndakatulo zooneka ngati dzira, mapiko ndi nkhwangwa. Ku China, m'zaka za m'ma 300, mayi wina wotchedwa Su Hui anapeta pansalu ya silika zilembo 841 zoyalidwa 29 m'litali ndi 29 m'lifupi, zowerengeka chotsika, chokwera, cham'mbali ngakhale chobwerera, moti pansalu imodziyo pamatuluka ndakatulo masauzande. Alembi a Chiarabu, Achiheberi ndi a Chisanskriti nawonso anali ndi luso lawo loumba zithunzi ndi malemba.

Ku England wodziwika kwambiri ndi wansembe wa Anglican, George Herbert. Buku lake The Temple linatuluka mu 1633, chaka chomwe iye anamwalira, ndipo muli ndakatulo ya Pasaka yotchedwa "Easter Wings". Inasindikizidwa chogona pamasamba awiri oyang'anizana kuti ioneke ngati mapiko. Koma luso lake silili pa mapikowo. Lili pakuti mizere imafupika pamene akunena za munthu kusauka ndi kuwonda chifukwa cha tchimo, mpaka kutsala mawu awiri okha, kenaka imatalikanso pamene akunena za kudzuka pamodzi ndi Khristu. Diso likuona kuwondako khutu likumva za iko. Chonsecho ndakatuloyi ili ndi dongosolo lonse lachikale la kamvekedwe. Mutha kuilakatula pagulu bwinobwino. Herbert sanasankhe pakati pa diso ndi khutu.

Ku France, Stéphane Mallarmé anamwaza mawu patsamba m'ndakatulo yake ya mu 1897 yonena za kuponya mayere, ndipo anaonetsa kuti malo oyera nawo amawerengedwa. Guillaume Apollinaire anatulutsa Calligrammes mu 1918, momwe muli ndakatulo ya mvula: mizere isanu yopendama, malemba akugwa limodzilimodzi kuchoka pamwamba ngati madontho pagalasi la zenera.

Chimene mafoni abweretsa ndi kutchipa kokha. Zimene kale zinkafuna wosindikiza woleza mtima, woyala malemba achitsulo ndi manja, lero mwana wa Fomu 2 amazichita ali pamphasa.

Bwanji nkhaniyi ikayambika anthu amatchula Brazil?

Chifukwa kumeneko n'kumene kunabadwira gulu limene linafika nazo patali. Mu 1952, ku São Paulo, anyamata atatu, Augusto de Campos, mbale wake Haroldo de Campos ndi Décio Pignatari, anayambitsa gulu ndi magazini yotchedwa Noigandres. Nthawi yomweyo ku Switzerland, Eugen Gomringer, wobadwira ku Bolivia, ankachita zofanana payekha, ndipo mu 1953 anatulutsa ndakatulo zimene ankazitcha magulu a nyenyezi. Pignatari ndi Gomringer anakumana ku Ulm, ku Germany, mu 1955, ndipo dzina lakuti concrete poetry linakhazikika pambuyo pa kukumanako. Mu 1958 a ku Brazil aja analemba chikalata cholengeza kuti nthawi ya mzere wa ndakatulo monga tinkaudziwira yatha. (Sinathe. Zikalata za achinyamata zimatero.)

Iwowa sankafuna kujambula mapiko kapena dzira. Ankati liwu lenilenilo ndi chinthu, ngati njerwa, ndipo lingamangidwe. Taonani ya Gomringer: liwu la Chisipanishi lakuti silencio, kutanthauza kukhala chete, lalembedwa ka 14 m'mizere isanu, katatu pamzere uliwonse, kupatula mzere wapakati pomwe malo a pakatikati asiyidwa opanda kanthu. Mawu 14 aja akungosokosera za chete. Chete weniweni ali pabowopo.

Ya Pignatari ya mu 1957 ndi yaukali. Anatenga mawu otsatsira chakumwa, beba coca cola, n'kuyamba kusinthanitsa malemba omwewo: beba, imwa, isanduka babe, tuluka dovu, patuluka caco, phale la botolo losweka, mpaka pansi patsala cloaca, ngalande ya zonyansa. Sanawonjezepo chiganizo chodzudzula ngakhale chimodzi. Abale athu a ku Tete ndi Angónia amene amawerenga Chipwitikizi ali ndi mwayi woilawa m'chinenero chake chenicheni.

Kodi makolo athu anali nazo zoterezi?

Ndakatulo yolembedwa yooneka ngati chinthu, ayi, chifukwa ndakatulo zathu sizinkakhala papepala. Tisadzinamize pofuna kuti chilichonse chikhale chinayambira kwathu. Koma nzeru yophatikiza chooneka ndi chomveka kuti chiphunzitso chilowe, imeneyo inalipo, ndipo inali yozama.

Pitani ku Chongoni, ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zoyera zambiri kumeneko n'za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina zokhudza Nyau. Sizinajambulidwe kuti zikongoletse phanga. Zinkayenda ndi nyimbo ndi malangizo. Namwali ankaona chithunzi, n'kumva nyimbo yake, ndipo ziwirizi zinkakumbutsana. Kwa Abemba ku Zambia, pachisungu pamakhala mbusa, zoumba zadothi, chilichonse ndi nyimbo yakeyake. Achokwe a ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ali ndi sona: mkulu amadontheza timadontho pamchenga, n'kumakoka mzere mozungulira timadonthoto uku akusimba nthano, mzere ukafika pomwe unayambira nthano yathanso. Ku Tanzania ndi Kenya, kanga imakhala ndi mwambi wolembedwa m'mphepete, ndipo mayi atha kuyankha mkazi mnzake osatsegula pakamwa, pongovala nsalu yoyenera.

Chosiyana n'chakuti m'zonsezi mwini mawu amakhalapo, kapena anthu amadziwa kale nyimbo yake. Ndakatulo yooneka ya papepala imayenda yokha, mwini wake kulibe. Iyenera kudzifotokoza yokha kwa mlendo.

Tationetsani chitsanzo m'Chichewa.

Nachi chopekera tsamba lino. Mutu wake ndi "Nkhokwe".

Meyi  chimanga chimanga chimanga chimanga
Julayi  chimanga chimanga chimanga
Seputembala  chimanga chimanga
Novembala  chimanga
Disembala  manga
Januwale  anga
Febuluwale

Mulibe mneni wonena kuti chakudya chikutha, mulibe liwu lakuti njala. Diso laona kale mulu ukutsika musanawerenge. Mwezi wa Disembala chimanga chimene chija chayamba kudyedwa ngakhale m'malemba ake, ndipo chotsalacho ndi lamulo: manga, kaya ndi lamba m'mimba kaya ndi kukamwa kwa thumba. Januwale kwatsala theka la kulira kwa kholo, "ana anga", ana osatchulidwa n'komwe. Febuluwale ndi mpata.

Tsopano yesani kuilakatula pa wailesi. Mukafika pa Febuluwale n'kukhala duu, womvera aziyesa kuti magetsi azima kusiteshoni. Yesaninso kulemba nkhani yomweyi m'ndime zinayi zachikhalidwe: mutchula fungo la gaga, mwana wolira usiku, bambo wopita kuganyu m'munda mwa eni wake uli thengo, mzere wa kumsika wa chimanga. Mudzanena zambiri kuposa "Nkhokwe", ndipo anthu adzalira nanu. Koma mpata wa Febuluwale uja simudzaupeza, chifukwa mukangoutchula mwaudzaza.

Kufooka kwa "Nkhokwe" nakonso kuli poyera. Mukaiona kawiri mwaimaliza. Simungaiimbe, simungapite nayo kumaliro, ndipo agogo osadziwa kuwerenga, amene njala ya Febuluwale amaidziwa kuposa tonsefe, siwafikira.

Ndiye kuti ndakatulo yooneka singalakatulidwe?

Zina zingatheke, zina ayi, ndipo mlakatuli ayenera kudziwa kuti yake ili mbali iti asanakwere pansanja. Funsoli ndi lalikulu kwa ife kuposa kwa Mfalansa, chifukwa ndakatulo ya Chichewa yakulira pakamwa. Anthu ambiri anaidziwira pa wailesi, pamakaseti, paukwati, pamisonkhano ndi pazochitika za kusukulu. Alakatuli ngati Benedicto Wokomaatani Malunga ndi Robert Chiwamba ambiri amawadziwa ndi khutu asanaone tsamba lawo. Amene asankha kulemba ya maso yokhayokha adziwe kuti wadzipatula ku bwalo lalikulu limenelo.

Pali njira zapakati. Ena amaonetsa tsambalo pakhoma uku akuwerenga. Ena amagawana anthu awiri kapena atatu, wina kuwerenga mbali ya kumanzere wina ya kumanja nthawi imodzi, zimene sizachilendo kwa anthu ozolowera woyambitsa ndi ovomera. A ku São Paulo aja nawonso ankanenetsa kuti ndakatulo yawo ndi ya liwu, kamvekedwe ndi maonekedwe pamodzi, sanafune kuti ikhale yosalankhula. Ndipo musaiwale kuti wolakatula pagulu naye amagwiritsa ntchito diso la omvera: dzanja lokwezedwa, kutembenuka, kuyang'ana pansi. Pepala limangoyesa kubweza zina mwa zimene linalanda pochotsa thupi la mlakatuli.

Ndikaika chithunzi chokongola kumbuyo kwa ndakatulo yanga, yasanduka yooneka?

Ayi. Yasanduka ndakatulo yokhala ndi chithunzi kumbuyo. Si tchimo, ndipo pa Facebook zimathandiza kuti chala cha munthu chiime. Koma kuika dzuwa lolowa kumbuyo kwa ndime zosapsa kuli ngati kuvala chitenje chatsopano osasamba.

Chithunzi chimayamba kugwira ntchito pamene chikunena chimene mawu sananene, kapena pamene chikutsutsana nawo. Mlakatuli wa ku England William Blake, amene ankazokota yekha mawu ndi zithunzi pachitsulo chimodzi kuyambira cha m'ma 1789, ali ndi ndakatulo yotchuka ya nyalugwe wa ku Asia woopsa ngati moto, koma chilombo chimene anajambula m'munsi mwake chikuoneka chofatsa, mwina chodabwa. Anthu akhala akukangana za kusemphanaku kwa zaka zoposa 200. Ndakatulo yachikondi yokhala ndi duwa lofiira palibe amene adzakangane nayo.

Kodi si njira yothawira ntchito kwa amene alephera kulemba ndakatulo zenizeni?

Nthawi zambiri inde, tinene zoona. Ndipo dandauloli si la lero: mu 1711 Joseph Addison, m'nyuzipepala ya The Spectator ku London, ananyoza ndakatulo za mapiko ndi mazira kuti ndi nzeru yabodza. Anali ndi mfundo. Munthu akayamba ndi chithunzi, tinene mtima kapena mapu a Malawi, n'kumathiramo mawu kuti chidzaze, mawuwo amakhala akapolo a chithunzi. Pena afunika liwu lalifupi osati chifukwa ndi loyenera koma chifukwa pakona papanikiza.

Koma ulesi sukhala mbali imodzi. M'Chichewa pafupifupi liwu lililonse limathera ndi lemba la liwu, ndipo malembawo ndi asanu okha. Kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta mpaka kutsika mtengo: kaya mutu ndi chikondi, mtendere, ufulu kapena dziko, aliyense atha kulumikiza mizere 40 yothera ndi -a osatuluka thukuta. Ndakatulo zambiri zimene timaziombera m'manja kuti n'zachikhalidwe zili ndi ulesi womwewo, wangovala malaya odziwika.

Anzathu a Chiswahili anadutsa mkangano wofanana. Euphrase Kezilahabi wa ku Tanzania atatulutsa Kichomi mu 1974, ndakatulo zosatsata muyeso wa maphatikizo ndi mathero, akuluakulu ambiri anakana kuti imeneyo si ndakatulo ya Chiswahili. Patapita zaka, Kithaka wa Mberia wa ku Kenya anafika polemba ndakatulo zooneka ngati zithunzi m'Chiswahili momwemo. Lero mitundu yonseyi ikukhalira limodzi, ndipo shairi lachikale silinafe.

Chimene dongosolo lachikhalidwe limapereka, chomwe ndakatulo ya maso singapereke, ndi kusungika m'mutu. Mlakatuli Jack Mapanje atatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu. Kubwereza, kamvekedwe ndi kayendedwe ka mzere ndi zogwirira za chikumbumtima. Ndakatulo yodalira mpata wa patsamba ikalandidwa pepala yatha. N'chifukwa chake wolemba tsamba lino amalangiza wophunzira aliyense kuti ayambe waphunzira kulemba mzere umene munthu angaukumbukire mawa, kenaka ndiye ayambe kuuswa.

Kodi ingathe kunyamula nkhani yolemera, kapena ndi yamasewera basi?

Ingathe, ndipo pena imafika pamene ndime zoyalidwa bwino zingachite manyazi kufika. Mu 1781 oyendetsa sitima ya akapolo yotchedwa Zong anaponya m'nyanja Aafirika oposa 130 ali moyo, eni sitimayo n'kukapempha ndalama za inshuwalansi ngati kuti anataya katundu. Mlandu wake unamvedwa ku London mu 1783, ndipo unali wa ndalama, osati wa kupha anthu. Mu 2008 M. NourbeSe Philip, wobadwira ku Tobago koma wokhala ku Canada, anatulutsa buku lotchedwa Zong! Anadziikira lamulo lakuti agwiritse ntchito mawu a m'chikalata cha mlanduwo. Anawaswa, n'kuwamwaza patsamba, maphatikizo akuyandama motalikirana, mawu ena akuduka pakati ngati munthu amene madzi amulowa m'kamwa. Wowerenga amavutika kupeza poyambira ndi polowera, ndipo kuvutikako n'kwadala. Nkhani ngati imeneyo ikanakhala m'mizere yosalala, yokoma kukhutu, bwenzi kukomako kukunama.

Onaninso kuti Philip sanathawe malamulo. Anataya lamulo la maphatikizo n'kudzimanga ndi lina lolimba kuposa pamenepo. Ndakatulo zooneka zabwino pafupifupi zonse zili ndi lamulo lake lobisika.

Chichewa chili ndi mwayi wanji pa luso limeneli? Nanga zovuta?

Mwayi woyamba ndi mvekero. Chinenero chimene chili ndi mbee, bii, psuu, zii, gwa, chubwi, balala, chili kale ndi mawu amene amajambula. Zii atalembedwa yekha pakati pa tsamba loyera, kapena balala malemba ake atathawana, safuna kumasulira. Wachiwiri ndi kamangidwe ka mawu athu. Liwu limodzi ngati sindidzakuiwalani ndi chiganizo chathunthu, ndipo mukalidula mumapeza tizidutswa tamoyo: si, ndi, dza, ku, iwala, ni. Mutha kulitsitsa patsamba phatikizo limodzilimodzi, kapena kufufuta si yekhayo kuti lonjezo litembenuke. Wachitatu ndi kubwereza kumene tili nako kale, pang'onopang'ono, kawirikawiri, mobwerezabwereza, komwe diso limakuona msanga.

Vuto ndi lakuti mawu athu ndi aatali. Pomwe Mngerezi adzaza nsonga ya chithunzi ndi liwu la malemba awiri, inu muli ndi la malemba 12, ndipo pafoni silikwana. Vuto lina ndi lakuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho liwu likachotsedwa m'chiganizo n'kuima lokha litha kuwerengedwa mosiyana ndi mmene mumafunira. Waluso amasandutsa chimenechi kukhala chida, wosasamala chimamugwetsa.

Ena amafunsa za malemba a Mwangwego, malemba apadera olembera zinenero za ku Malawi, amene Nolence Mwangwego anayamba kuwakonza mu 1979 n'kuwakhazikitsa poyera mu 1997. Ndi okongola, ndipo amaonetsa kamvekedwe kamene malemba a Chilatini amakasiya. Koma owawerenga ndi ochepa, kotero kwa anthu ambiri ndakatulo yolembedwa m'malembawa idzakhala chithunzi chokha. Ngati mukufuna zimenezo, chabwino; ngati mukufuna iwerengedwe, ikani malemba ozolowereka pambali.

Ndikatumiza pa WhatsApp maonekedwe onse amasokonekera. Nditani?

Zimachitika chifukwa mafoni amasiyana kukula, ndipo m'malemba ambiri i ndi wowonda pomwe m ndi wonenepa, choncho zimene munayala pafoni yanu zimagwa pafoni ya mnzanu. Mwinanso "Nkhokwe" ija yapindika pafoni yanu. Akale a taipi analibe vutoli chifukwa pataipi lemba lililonse limatenga malo ofanana. N'chifukwa chake makinawo anakondedwa kwambiri ndi alakatuli a maso. Willem Boshoff wa ku South Africa anapanga buku lonse la KykAfrikaans, lotuluka mu 1980, ndi taipi.

Njira yodalirika ndi kuisandutsa chithunzi kapena PDF musanatumize. Ngati ndi yaifupi, WhatsApp ili ndi malemba ofanana kukula: ikani tizizindikiro titatu ta ``` kumayambiriro ndi kumapeto. Mizere ikhale yaifupi kuti isapindike. Pewani mitundu yambirimbiri ndi malemba opotanapotana, poganizira kuti ambiri aionera pafoni yaing'ono yagalasi long'aluka, padzuwa, bandulo ikutha. Kulemba ndi dzanja papepala loyera n'kujambula ndi foni nakonso kumagwira ntchito, pena kuposa kompyuta.

Za zithunzi: chimene mwachipeza pa intaneti chili ndi mwini wake. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza wojambula monga limatetezera inu, ndipo bungwe loona za umwini wa zaluso la COSOMA lingakuunikireni. Nkhope ya munthu, makamaka mwana kapena wodwala, musaiike pandakatulo yanu osapempha.

Nanga anthu osaona?

Apa ndakatulo ya khutu yapambana poyera. Pulogalamu yowerengera osaona imangotchula mawu motsatana, kapena imangoti "chithunzi" n'kudutsa. Mukatumiza ndakatulo yooneka, lembani m'munsi mawu ake onse ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza mmene ayalidwira. Boshoff yemwe uja anatembenuza nkhaniyi m'ntchito yake ya Blind Alphabet, yoonetsedwa ku Johannesburg mu 1995: zosema zamatabwa zili m'mabokosi otseka, mafotokozedwe ake ali m'malemba a Braille okha, moti woona amafunika wosaona kuti amuwerengere.

Pamayeso kapena pampikisano ndingalembe yotere?

Pamayeso a MSCE, musayerekeze. Wochonga akufuna muonetse kuti mukudziwa woyankhula, woyankhulidwa, phunziro ndi zipangizo za ndakatulo, ndipo ali ndi mapepala mulu. Pampikisano werengani malamulo: ngati akuti mizere isapitirire 30, kapena kuti opambana adzalakatula pamaso pa anthu, mwayankhidwa kale. Akonzi a nyuzipepala nawo amathira ndakatulo m'danga lopapatiza, ndipo mipata yanu idzaphwanyidwa popanda wokufunsani. Tumizani chithunzi cha mmene iyenera kuonekera, ndipo nenani kuti ngati sizitheka asaisindikize.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi chithunzi. Yambani ndi ndakatulo imene mwalemba kale m'mizere wamba, muiwerenge mokweza, mupeze malo amodzi pamene mukufotokoza chinthu chimene tsamba likanatha kungochionetsa: kudikira, kugwa, kupatukana, kuchepa, kudzazana. Fufutani kufotokozako, m'malo mwake sunthani mawu. Ngati ndi anthu awiri osiyana maganizo, wina akhale kumanzere wina kumanja, ndipo muone ngati mpata wa pakati ukukula kapena kuchepa pofika pansi. Ngati ndi mzere wa pachipatala, mzerewo utalike mpaka ugunde m'mphepete mwa pepala.

Sinthani chinthu chimodzi chokha pandakatulo imodzi. Mukasintha kukula kwa malemba, mtundu, kupendama ndi mipata nthawi imodzi, wowerenga sadziwa choti ayang'ane. Kenaka perekani mapepala awiri, loyamba lija ndi latsopanoli, kwa munthu amene sakuopani, osamuuza kanthu, ndipo mumufunse chimene waona papepala lachiwiri chomwe palibe paloyamba. Akatchula chimene munafuna, sungani lachiwiri. Akati "lachiwirili ndi lokongola" basi, bwererani ku loyamba.